Agogo Sadatuluke Pachithunzi

Aliyense amene adaimapo m'mphepete mwa msewu waukulu pa Madzimoyo m'mawa wa Loweruka lotsiriza la mwezi wa Febuluwale akudziwa m'mene magalimoto amatsatanirana kuchokera ku Chipata kulinga ku Mtenguleni, kumene Angoni a Inkosi ya Makosi Mpezeni amachitira mwambo wa Nc'wala. Malole odzaza ndi amuna ovala zikopa, mabasi, njinga zamoto ndi zakapalasa zomwe, zonse zimaloza kumodzi. Pamene mwambowu unkatsitsimutsidwa mu 1980, anthu okhala ndi makamera m'khamu lotere anali owerengeka. Lero kamera ili m'thumba mwa pafupifupi aliyense, pakuti mafoni ambiri a masiku ano ali ndi diso lawolawo. Impi zikangolowa m'bwalo, manja amaimirira ngati mapesi a chimanga, ndipo apa ndi apo mumaona timagetsi tikuthwanima, chonsecho dzuwa lili paliwombo.

Timagetsi timeneti ndi timene tatichititsa kulemba nkhani ino. Munthu waima mamita 50 kuchokera pamene pali ovina, wayatsa fulashi, ndipo mumtima mwake akukhulupirira kuti kagetsiko kakumuthandiza. Palibe chimene kakuchita koposa kumudyera batire. Pa Nc'wala kulakwitsa kotere sikupweteka munthu, popeza dzuwa limagwira lokha ntchito yonse, ndiponso mwambowo udzabweranso chaka chamawa. Koma alipo masiku ena pa moyo wa banja amene sabwera kawiri.

Kwathu tili ndi envulopu ina imene timaitsegula mwa apo ndi apo. Muli zithunzi za ukwati wa mlongo wathu, umene udadalitsidwa m'katchalitchi ka kumudzi, kamtunda pang'ono kuchokera pa Madzimoyo, masiku amene anthu ankajambulira filimu. Wojambula anali mnyamata waulemu amene adabwera pa njinga. Poopa kudutsa pamaso pa akuluakulu, adaima pakhomo la tchalitchi, ndipo zonse adajambulira pomwepo. Zithunzi zitabwerako kotsukidwa ku Chipata tidangoti kakasi. Mipango ya amayi a m'benchi lomalizira inali mbee. Pakati pa tchalitchi panali mbuu. Kutsogolo, kumene kunali akwati, kunali bii, kupatula kanthu koyera kamene tidagwirizana kuti ndi diresi la mkwatibwi. Agogo athu aakazi adakhala pambali pa mdzukulu wawo tsiku limenelo, atavala chitenje chatsopano. Adatisiya dzinja lotsatira, ndipo chithunzi chawo china tilibe. Ana akatifunsa kuti agogo ankaoneka bwanji, timawalozera mdima uja ndi kuwauza kuti ali m'menemo.

Mnyamatayo sitimuimba mlandu. Kamera yake inali yabwino, filimu inali yatsopano, mabatire anali amphamvu. Chokhacho chimene sadauzidwe ndi chakuti kuwala kwa fulashi kuli ndi polekezera. Ojambula akale, monga Bambo Alick Phiri amene anali ndi situdiyo yawo ya Kwacha ku Kanyama mu Lusaka, ankaphunzira zinthu zotere pogwira ntchito pansi pa mmisiri wina asanaime paokha. Achinyamata athu amangogula chipangizo lero, mawa lake aitanidwa kale kuti akakope anthu ku ukwati. Tsono tiyeni, owerenga athu, tikambirane za zida zitatu zimene zili m'kamera yaikulu ndi m'foni momwe: fulashi, chibowo cholowetsa kuwala, ndi lenzi yotambalala imene imaona malo aakulu nthawi imodzi.

Kuwala kumatopera panjira

Amene adawerengapo usiku ndi koloboyi, phunziro loyamba ali nalo kale. Buku likakhala pafupi ndi lawi, malemba amaoneka bwino. Mukalisuntha pang'ono chabe, maso amayamba kuvutika. Ambiri amaganiza kuti mtunda ukawirikiza kawiri, kuwala kumachepa ndi theka. Si choncho ayi. Kuwala kumamwazikira m'mbali ndi m'mwamba nthawi imodzi, kotero kuti pa mtunda wowirikiza kawiri kumayenera kukuta malo aakulu kanayi. Munthu amene ali pa mamita 2 kuchokera pa fulashi amalandira gawo limodzi mwa magawo 4 a kuwala kumene akadalandira pa mita imodzi. Pa mamita 3 amalandira gawo limodzi mwa magawo 9, ndipo pa mamita 10 limangomufika gawo limodzi mwa magawo 100. Lamulo limeneli silifunsa kuti kamera mudagula ndalama zingati.

Tikabwerera m'tchalitchi muja, nkhani yonse ili poyera. Amayi a m'benchi lomalizira anali ngati pa mamita 2, akwati ngati pa mamita 20. Kuwala kumene kudafika pa nkhope ya agogo kunali gawo limodzi mwa magawo 100 a kuwala kumene kudagwa pa mipango ija. Kuonjezera apo, mafulashi ambiri ali ndi kadiso koyeza kuwala kobwerera. Kadisoko kataona kuti mipango yawala, kadakhutira n'kuzimitsa fulashi msanga. Kagetsi ka pa foni ndi kofooka kuposa pamenepa: kamathandiza pa mamita 2 kapena 3 basi. Kupitirira apo, chimene chingapulumutse chithunzi ndi miyendo ya wojambula.

Musatikhulupirire chabe, kayeseni. Masiku a filimu munthu anali ndi zithunzi 24 kapena 36 pa mpukutu umodzi, ndipo zolakwa zake ankaziona patapita masabata, ndalama zitapita kale. Lero kuyesa n'kwaulere. Kukada, imikani ana atatu pabwalo, wina pa mita imodzi, wina pa mamita 2, wina pa mamita 4, ndipo muwajambule onse pamodzi ndi fulashi. Woyamba adzatuluka ngati wadzola ufa, wachiwiri bwinoko, wachitatu ngati mzukwa. Kenaka aimikeni onse pa mzere umodzi, mtunda wofanana kuchokera kwa inu, mujambulenso. Madzulo amodzi otere amaphunzitsa zambiri kuposa masamba onse a nkhani ino.

Kuwala kumene tikuseweretsa leroku, makolo a ntchitoyi adakuvutikira. Mu 1887 akatswiri awiri a ku Germany, Adolf Miethe ndi Johannes Gaedicke, adakonza ufa wa magnesium umene wojambula ankauyatsa pa kambale. Unkaphulika ndi kuwala kwakukulu, kusiya utsi m'nyumba monse, ndipo ojambula ena adapsa nawo manja ndi nkhope. Cha m'ma 1930 kudabwera mababu oyaka kamodzi kokha n'kutayidwa. Fulashi yamagetsi yoyaka mobwerezabwereza idakula kuchokera pa ntchito ya Harold Edgerton wa pa sukulu ya MIT ku America, kuyambira mu 1931. N'chifukwa chake zithunzi zambiri zakale za pa mishoni, kaya za pa Madzimoyo pamene amishoni a Dutch Reformed adakhazikika mu 1903, kaya za pa Kachebere pamene a White Fathers adafika chaka chomwecho, ndi za panja: anthu ankatulutsidwa n'kundandalikidwa padzuwa.

Mwa ana a Africa, mmodzi amene adaidziwa bwino fulashi ndi Malick Sidibé wa ku Bamako m'dziko la Mali. M'zaka za m'ma 1960 ankayenda usiku m'madansi a achinyamata, kamera ndi fulashi m'manja, pambuyo pake n'kuyala zithunzizo pa situdiyo yake kuti eniake adzasankhe. Chithunzi chake chotchuka cha mu 1963, chotchedwa Nuit de Noël, chikuonetsa mnyamata ndi mtsikana akuvina, mitu itayandikana, mtsikanayo ali wopanda nsapato. Mukachiyang'anitsitsa mudzaona kuti wojambula sadaime pakhomo. Anali m'bwalo momwemo, pafupi ndi ovinawo. Mu 2007 adalandira mphoto ya Golden Lion ku Venice, ndipo adamwalira mu 2016.

Komabe kusendera pafupi kuli ndi mavuto akenso. Fulashi ikalunjika kumaso, mphumi yodzola mafuta kapena yathukuta imanyezimira ngati galasi, nkhope imaoneka yophwatalala, ndipo pakhoma kumbuyo pamaima chithunzithunzi chakuda ngati munthu wachiwiri. Mankhwala a chithunzithunzicho ndi kumuchotsa munthu pakhoma, aime mamita 2 kutsogolo kwake, kuti chigwere pansi. Maso ofiira aja, amene ana amathawa nawo n'kumati ndi a mfiti, amabwera chifukwa mumdima mwanadiso amakhala atatseguka kwambiri. Kuwala kochokera pafupi ndi lenzi kumalowa m'diso, kugunda mitsempha ya magazi ya m'kati mwake, n'kubwerera m'kamera kuli kofiira. Fulashi ikatalikirana ndi lenzi vutoli limatha. Amene ali ndi fulashi yopindika mutu aziilozetsa ku siling'i yoyera, kuti kuwala kubwerere kofewa ngati kwa tsiku la mitambo. Inde, tikudziwa kuti matchalitchi athu ambiri a kumudzi alibe siling'i, ali ndi malata ndi mitengo ya denga basi, ndipo kumeneko kuwala kukakwera sikubwerako kokwanira. Khoma lopaka laimu la chakumbali limagwira ntchito yomweyo, bola likhale loyera, pakuti khoma lobiriwira limabiriwitsa nkhope za anthu onse.

Chodabwitsa n'chakuti nthawi ina imene fulashi imathandiza kwambiri ndi masana dzuwa likuswa mtengo. Chipata ali pa madigiri pafupifupi 13 ndi theka kummwera kwa ikweta, motero dzuwa limadutsa pamutu penipeni cha pakati pa Febuluwale ndi chakumapeto kwa Okutobala. Pa tsiku la Nc'wala limakhala lisanapatuke kwenikweni. Mphumi ndi mapewa zimawala, koma maso amalowa m'maenje a mdima, makamaka kwa amene avala nthenga kapena chikopa kumutu. Apa wojambula asendere mpaka mamita 2 kwa munthu amene wamupempha, ayatse fulashi mochepetsa mphamvu, kuti ingodzaza maenjewo. Pa makamera aakulu pali chenjezo limodzi. Chitseko cha m'kamera, chija chimatseguka ndi kutsekeka mukadina batani, chili ndi malire a liwiro pamene fulashi ikugwira ntchito: pa Pentax K1000, imene ambiri adaphunzirira, malirewo anali 1/60 ya sekondi, ndipo pa makamera ambiri a lero ndi 1/200 kapena 1/250. Mukapitirira, mbali ina ya chithunzi imatuluka yakuda.

M'tchalitchi nkhani ndi ina. Tidaonapo wojambula atakwera mpaka pa guwa, n'kuthwanimitsa fulashi kumaso kwa wansembe pa nthawi ya konsekrasio, akhristu onse atagwada. Zotere sizitikomera, ngakhale chithunzicho chitatuluka bwino motani. Nkhani ya fulashi iyenera kukambidwa ndi Bambo Mfumu kapena akatekisi tsiku la mwambo lisanafike, ndipo akakana, wojambula asanyinyirike. Ilipo njira ina, imene kawirikawiri imapereka zithunzi zokoma koposa.

Mwanadiso wa kamera

Tayang'anani m'diso la mwana mutakhala naye m'nyumba ya mdima: kadontho kakuda ka pakati kaja kamakula. Mutuluke naye padzuwa, kamachepa. Lenzi ya kamera ili ndi chibowo chochita chimodzimodzi, chimene ojambula amachitcha aperture, ndipo kukula kwake kumalembedwa ndi manambala awa: 1.4, 2, 2.8, 4, 5.6, 8, 11, 16, patsogolo pake pali chilembo cha f. Chimene chimasokoneza ophunzira onse n'chakuti nambala yaing'ono ndiyo chibowo chachikulu. Chifukwa chake n'chakuti nambalayo ndi yogawira: lenzi ya mamilimita 50 ikakhala pa f/2, chibowo chake ndi mamilimita 25, koma pa f/16 chimangoposa pang'ono mamilimita 3. Kuchoka pa nambala ina kupita pa yotsatira kumachepetsa kuwala ndi theka. Lenzi imene imabwera ndi makamera ambiri, ija yotalika ndi kufupika, mukaitambasula imathera pa f/5.6, pamene lenzi wamba ya mamilimita 50, imene ili m'gulu la zotsika mtengo, imatseguka mpaka f/1.8, ndipo imalowetsa kuwala kochuluka pafupifupi ka 10.

Taganizani za usiku wa Pasaka. Nyali zonse zazimitsidwa, moto watsopano wadalitsidwa panja, kandulo ya Pasaka ikulowa m'tchalitchi, ndipo akhristu akupatsirana moto mpaka nkhope zonse zaoneka. Fulashi ikayaka pamenepo imapha chimene mudabwerera kudzajambula: mumapeza anthu atanyamula timitengo toyera m'chipinda chowala ngati cha kuchipatala. Koma mukatsegula chibowo mpaka f/1.8 kapena f/2, n'kukweza nambala ya ISO, imene imasonyeza m'mene kamera ikumvera kuwala, kufika pa 1600 kapena 3200, kandulo iliyonse imaunikira nkhope ya mwiniwake, ndipo mdima umatsala uli mdima. Chitseko chisachedwe kupitirira 1/60 ya sekondi, apo ayi kunjenjemera kwa dzanja kumaonekera pachithunzi. Tsamirani mzati, zigongono zigunde m'nthiti, gwirani mpweya pang'ono, ndipo dikirani kamphindi kamene munthu waima duu. Paja akuluakulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha.

Koma walira mvula walira matope. Chibowo chikakula, malo ooneka bwino m'chithunzi amachepa. Ndi lenzi ya mamilimita 50 pa kamera ya filimu kapena ina yofanana nayo, munthu ali pa mamita 2, f/1.8 imangokupatsani masentimita pafupifupi 17, ndiye kuti kuchokera kunsonga ya mphuno kufika kuseri kwa makutu. Zonse za kutsogolo ndi za kumbuyo kwa pamenepo zimasungunuka. Pa chithunzi cha mwana mmodzi wolandira Ukaristia koyamba, zimenezi n'zokoma: nkhope yake imaima payokha, ndipo njinga, zidebe ndi anthu odutsa kumbuyo amasanduka mitundu chabe. Pamenepo lunjikitsani kamera pa diso limene lili pafupi ndi inu, osati pa tayi kapena pa maluwa. Koma mukaika akwati kutsogolo, makolo kumbuyo, n'kujambula pa f/1.8, makolowo adzatuluka ngati mukuwaonera m'madzi, ndipo mlandu wake kwa apongozi mudzausenza nokha. Pa f/8 malo ooneka bwino aja amafika pafupifupi masentimita 80, ndipo mukabwerera m'mbuyo pang'ono amakulirakulira.

Foni ili ndi chibowo chotseguka ndithu, kawirikawiri pakati pa f/1.5 ndi f/2, koma lenzi yake ndi yaing'ono kwambiri moti pafupifupi zonse zimaoneka bwino, zapafupi ndi zakutali. Kusungunuka kwa kumbuyo kumene mumaona mukasankha Portrait n'kongopeka: kompyuta ya m'foni imalingalira pamene munthu wathera, n'kufufuta zotsalazo. Imalephera pa nthenga za Mngoni ndi pa velo ya mkwatibwi, imene imaidya m'mphepete ngati njenjete. Mumdima zimitsani kagetsi, musankhe Night. Foni imajambula zithunzi zingapo m'masekondi ochepa n'kuziphatikiza, choncho inu ndi wojambulidwa nonse muime chilili.

Fulashi ndi chibowo zimakumana pa kasamu kamodzi kamene ojambula akale ankakadziwa pamtima. Fulashi iliyonse ili ndi nambala ya mphamvu yake, imene pa bokosi amailemba kuti guide number, yowerengedwa pa ISO 100. Mukagawa nambalayo ndi nambala ya chibowo, yankho lake ndi mtunda umene kuwala kufike. Kafulashi kotumphuka pamwamba pa kamera kamakhala ndi nambala ngati 12: pa f/4 kamafika mamita 3. Vivitar 283, imene idatumikira maukwati osawerengeka kuyambira m'ma 1970, inali ndi 36: pa f/8 mamita 4 ndi theka, pa f/4 mamita 9. ISO ikakwera kufika pa 400, mitunda imeneyi imawirikiza kawiri. Mnyamata wathu uja akadawerengera zimenezi ali pakhomo paja, akadadziwa kuti kuwala kwake kukuthera pa mabenchi a kumbuyo, ndipo akadalimba mtima n'kusendera.

Kuti onse alowe

Chida chachitatu ndi cha mabanja aakulu ngati athu. Misa yatha, achibale a mbali zonse ziwiri aunjikana pakhonde, aliyense akufuna kulowa, ndipo wojambula wabwerera m'mbuyo mpaka wagunda mpanda. Lenzi ya mamilimita 50, mutaima pa mamita 5, imaona malo otambalala pafupifupi mamita 3 ndi theka. Ya mamilimita 28 imaona oposa mamita 6. Ya 24 imaona mamita 7 ndi theka. Kamera yaikulu ya pa mafoni ambiri ili kale ngati ya 24 kapena 26, ndipo mukadina pa 0.5 mumatsegula ina yotambalala koposa. M'nyumba yaing'ono mmene mwasonkhana mphakati, kapena pofuna kuonetsa tchalitchi chonse ndi mapiri a Chipata kumbuyo kwake, lenzi yoposa iyi palibe.

Nayonso ili ndi khalidwe lake. Zonse za m'mphepete mwa chithunzi imazikoka: mutu wozungulira umasanduka dzira, ndipo munthu woima kumapeto kwa mzere amanenepa ndi nsima imene sadadye. Azakhali amene amadandaula kale za thupi musawaike kumapeto; siyani mpata mbali zonse ziwiri, mudzadula pambuyo pake. Zapafupi imazikuza, zakutali imazichepetsa, n'chifukwa chake chithunzi chodzijambula wekha ndi dzanja chimatuluka ndi mphuno ngati mbatata, makutu atabisala. Mukailozetsa m'mwamba, makoma a tchalitchi amapendekera m'kati ngati akugwa. Mukajambula ana mutaimirira, mitu imakula, miyendo n'kufupika. Igwireni mowongoka, pa msinkhu wa chifuwa cha amene mukujambula, ndipo kwa ana gwadani.

Cholakwa chachikulu ndi lenzi imeneyi n'kuimira kutali. Pa Nc'wala, wojambulira kumbuyo kwa khamu amapita kunyumba ndi thambo lalikulu, misana ya anthu, ndi tinyerere tonyamula zishango. Lenziyi imafuna kanthu pafupi, kaya chishango, kaya phazi likuponda pansi, kaya dzanja logwira chibonga, kenaka bwalo lonse kumbuyo kwake. Ubwino wake ndi wakuti ya mamilimita 28 mukaiika pa f/8 n'kuitchera pa mamita 3, zonse kuyambira pa mita ndi theka mpaka kutali ndithu zimaoneka bwino, motero simutaya nthawi ovina akudumpha. Kusendera kumeneku kukhale kopempha, pakuti pa mwambo pali malo amene si a aliyense, ndipo oyang'anira akakubwezani, bwererani. Usiku kumbukiraninso kuti mafulashi ambiri saunikira motambalala ngati lenziyo, choncho a m'makona amatsala mumdima.

Pali nkhani inanso imene mabuku ambiri a zojambula saikamba, ndiyo ya khungu lathu. Kamera ikamayeza kuwala imafuna kuti chithunzi chonse chikhale chapakatikati, chosawala kwambiri, chosada kwambiri. Ikaona diresi loyera, malaya oyera a kwaya kapena khoma la laimu, imaganiza kuti kwawala mopitirira, n'kuchepetsa, ndipo nkhope zakuda zimamira. Vutoli lili ndi mbiri yake. Kuyambira m'ma 1950 malo otsukira zithunzi ankatchera makina awo potsata khadi la Kodak lokhala ndi chithunzi cha mayi wachizungu, lodziwika ndi dzina loti Shirley. Kafukufuku wa Lorna Roth wa ku Canada, wofalitsidwa mu 2009, adasonyeza kuti zina mwa zimene zidakakamiza kampaniyo kukonza mitundu yoderapo anali madandaulo a ogulitsa chokoleti ndi mipando ya matabwa. Makamera a lero ali bwinoko, koma wojambula asawasiyire zonse. Pa foni, gundani ndi chala pa nkhope ya munthu musanajambule. Pa kamera, onjezerani kuwala ndi sitepe imodzi pamene pali zoyera zambiri. Diresi likawala mopitirira pang'ono palibe adzalire, koma nkhope ikasowa anthu amabweza chithunzi.

Mwezi wathawu mwana wa mlongo wathu uja adakwatiwa m'katchalitchi komweko. Wojambula anali mlongo wake wamng'ono wa mkwati, mtsikana wa ku sekondale, ali ndi kamera yobwereka ndi foni yake. Lachisanu madzulo tidapita naye kukaona malo. Adawerenga mapazi kuchokera pakhomo kufika kutsogolo, adayang'ana mazenera amene dzuwa la m'mawa limalowera, ndipo adapempha akatekisi kuti onse adzatsegulidwe, ndiponso kuti iye aloledwe kukhala pansi pambali pa benchi loyamba. Adagwirizana kuti fulashi idzayaka panja pokha.

M'mawa mwake, anthu asanayambe kulowa, mtsikanayo adapita kwa amalume athu aakulu, amene tsopano amayendera ndodo, nagwada.

"Agogo, ndimati ndiyambe ndi inu," adatero.

Adawakhazika pa mpando pansi pa mtengo wa mango, nkhope italoza kumene kunali kowala, iye n'kuima pa mamita 2. Amalume adakonza kolala ya jekete, nafunsa ngati chipewa achivule.

"Chikhale, agogo. Mungochikweza pang'ono kuti maso aoneke."

Adajambula katatu, n'kuwaonetsa. Amalume adayang'anitsitsa nthawi yaitali osayankhula, kenaka adatuma mwana kuti akaitane akazi awo, nawonso adzakhale pampandopo.